Kusintha oyilo ndi fyuluta pa galimoto ya dizilo: pakhomo, kwa makaniko kapena ku galaja yaikulu?

Injini ya dizilo imadetsa oyilo msanga kuposa ya petulo, chifukwa mwaye umene umatsala dizilo akapsa umadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kukagwera mu oyilo. Munthu akathira oyilo watsopano mu Hilux lero, mawa lake akasolola kachitsulo koyezera amapeza wada kale, ndipo ambiri amayamba kumuganizira makaniko kuti wangowadyera ndalama. Kudako pakokha si umboni wa chinyengo, pakuti ntchito ina ya oyilo wa dizilo ndi kunyamula mwayewo kuti usakhazikike m'tinjira ta mu injini. Komabe kukayikirako kuli ndi maziko, chifukwa eni galimoto ambiri saona ndi maso awo oyilo amene walowa mu injini, kuchuluka kwake, ndiponso ngati fyuluta yakale yachotsedwadi. Njira zinayi zimene zayerekezedwa pano (kukhetsa oyilo nokha pakhomo, kumuyamwa ndi pampu, kupita kwa makaniko wa m'dera ndi kupita ku galaja ya kampani) zimasiyana kwambiri pa mfundo imeneyi kuposa pa luso la manja, popeza ntchito yeniyeniyo ndi yomasula bawuti imodzi ndi fyuluta imodzi.

Zimene injini imafuna, ndi miyeso inayi yoyerekezera

Kaya ntchitoyi agwira ndani, injini imafuna zinthu zitatu zimene zinalembedwa m'buku la galimoto: kuchuluka kwa oyilo, kukhuthala kwake ndi gulu lake. Toyota Hilux ya injini ya 2KD kapena 1KD, imene inagulitsidwa kwambiri kuno pakati pa 2005 ndi 2015, imalowa oyilo pafupifupi malita 7 mukasinthanso fyuluta. Hilux ya injini ya GD imene inabwera pambuyo pake imalowa malita 7.5, pamene Ford Ranger ya 3.2 imayandikira malita 10. Chigubu chimodzi cha malita 5 sichingakwanire pa galimoto zimenezi, ndipo wina akakuuzani kuti chakwanira, ndiye kuti oyilo wakale sanatuluke yense kapena injini ikuyenda yoperewera.

Kukhuthala ndi manambala aja olembedwa kutsogolo kwa chigubu, monga 15W-40 kapena 5W-30. Nambala yoyamba imanena mmene oyilo amayendera injini ikadali yozizira m'mawa, ndipo yachiwiri imanena mmene amakhalira injini itatentha. Gulu limalembedwa kumbuyo ndi tizilembo ting'onoting'ono, monga API CH-4 kapena CI-4, ndipo ndi limene ogula ambiri sawerenga. Injini zakale monga ija yotchedwa 5L ya maminibasi a Hiace, komanso Hilux za KD zopanda sefa ya mwaye, zimayenda bwino ndi 15W-40 wa gulu la CI-4, amene savuta kupeza chifukwa ndi yemweyo amathiridwa m'malole. Nkhani imasintha pa galimoto zokhala ndi sefa ya mwaye mu ekizozi, imene amakaniko amangoitchula kuti DPF, monga Mazda CX-5 ya dizilo ndi zina zambiri zochokera ku Japan ndi ku Ulaya. Zimenezi zimafuna oyilo wosiya phulusa lochepa, wolembedwa JASO DL-1 kapena ACEA C3 ndi anzake a gulu la C, malinga ndi zimene buku lanena. Mwaye umapsa mu sefayo n'kutha, koma phulusa la oyilo wamba silipsa, limangounjikana mpaka sefa itatsekeka, ndipo mtengo wa DPF yatsopano umaposa kutali ndalama zonse zimene munapulumutsa pogula oyilo wa malole.

Buku la Hilux limanena za kusintha oyilo pa makilomita 10,000, koma limatsitsa mtundawo kufika pa 5,000 ngati galimoto imayenda m'fumbi, imanyamula katundu wolemera, imalira nthawi yaitali itaima kapena imangoyenda maulendo aafupi. Pikiapu imene imatuta mabelo a fodya m'misewu ya fumbi ya ku Kasungu, kapena imene imakwawa mumzere wa galimoto m'mawa uliwonse ku Lilongwe, ili m'gulu lachiwirili. Choncho ambiri a ife timasintha oyilo kangapo pa chaka, ndipo kusiyana kwa njirazi kumaonekera pa ndalama za chaka chonse.

Muyeso woyamba ndi mtengo, kuphatikizapo zipangizo zogula kamodzi ndi tsiku limene ntchito zina zimaima. Mitengo ya oyilo ndi mafyuluta, zonse zochokera kunja, yakhala ikusintha pafupipafupi kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho ndi bwino kuwerengera ndi malita m'malo moloweza mtengo wa chaka chatha. Wachiwiri ndi kupezeka kwa njirayo kumene mukukhala, chifukwa chimene chili chapafupi ku Blantyre chingakhale ulendo wa tsiku lathunthu kwa munthu wa ku Chitipa. Wachitatu ndi chisamaliro, ndiko kuti zina zimene zimaonedwa pa galimoto nthawi yomweyo, umboni umene umatsala, ndi kumene oyilo wakale akupita. Wachinayi ndi zoopsa, ku injini ndi kwa munthu amene wagona pansi pake.

Njira yoyamba: kukhetsa oyilo nokha pakhomo

Apa mumamasula bawuti ya pansi pa sampu (chosungira oyilo cha kunsi kwa injini), oyilo n'kutsikira m'beseni. Injini ilire kaye mphindi 5 mpaka 10 kuti oyilo afewe, koma isafike potentha moti n'kukuwotchani dzanja. Galimoto iime pamalo osapendekeka, handibuleki itakokedwa ndipo matayala atatsekerezedwa. Bawuti imayambidwa ndi sipanala, kenako imamasulidwa ndi zala mukuikankhira m'mwamba mpaka mazinga atatha, n'kuichotsa mwachangu. Oyilo woyamba amatuluka mwamphamvu ndipo amagwera chapatali pang'ono, osati pansi penipeni pa bowo, choncho beseni liikidwe moganizira zimenezo. Fyuluta yatsopano imapakidwa oyilo pa kamphira kake n'kumangidwa ndi dzanja lokha: kamphirako kakangokhudza, muipotoze mosakwanitsa kuzungulira kamodzi, magawo atatu mwa anayi basi. Mukathira oyilo, lizani injini osaponda moto, muone kuti nyali yofiira ya oyilo yazima m'masekondi ochepa, muzimitse, mudikire mphindi 5 ndipo muyezenso, chifukwa fyuluta imakhala itamwa gawo lina.

Mtengo: Mumalipira oyilo, fyuluta ndi kawasha katsopano ka pa bawuti, popanda ya ntchito. Ulendo woyamba umadula chifukwa cha zipangizo: masipanala a soketi, chomasulira fyuluta, beseni lolowa malita oposa 10, fanulo, magolovesi ndi zochirikizira zachitsulo ngati galimoto ndi yaifupi. Hilux ndi Ranger zili ndi mwayi woti munthu amalowa pansi popanda kuzikweza. Amene ali ndi galimoto yolola 15W-40 amapindula kwambiri akagula ndowa ya malita 20, chifukwa lita imodzi imatsika mtengo ndipo ndowayo imakwana sevisi ziwiri za Hilux n'kutsalako woyandikira yachitatu.

Kupezeka: Njirayi sifuna kulembetsa tsiku kapena kuyenda mtunda, bola fyuluta munagula kale pamene munali m'tauni. Chimene chimavuta kawirikawiri ndi malo. Munthu wa lendi pabwalo limene mukukhala mabanja angapo, ana akusewera pomwepo ndipo mwini nyumba sakufuna banga la oyilo pasimenti yake, amaona kuti ntchito ya ola limodzi yabala mkangano wa sabata yonse.

Chisamaliro: Phindu lalikulu la njirayi ndi lakuti mumaona zonse. Oyilo wakale akamatsika, muunikeni ndi tochi. Tizitsulo tonyezimira ndi chizindikiro chakuti mabering'i akudyeka, mtundu wonga tiyi wamkaka umasonyeza kuti madzi akulowa mu oyilo, ndipo oyilo wopyapyala wonunkha dizilo amasonyeza kuti mafuta akutsikira mu sampu. Pa injini ya 1KD pali vuto lodziwika la timawasha ta pansi pa mainjekita, timene tikayamba kutayitsa utsi, timakala tolimba timapangika mu oyilo n'kukatseka kasefa kamene pampu ya oyilo ya mu injini imayamwirapo. Kasefako kali chapafupi ndi bowo la bawuti, ndipo amene amasamala amasuzumirapo ndi tochi kapena kakamera oyilo akatha kutsika, chinthu chimene sichitheka ngati bawutiyo simasulidwa. Umboni wa ntchito muyenera kuusunga nokha, m'kabuku ka m'galimoto kolembedwa tsiku, makilomita ndi mtundu wa oyilo, pamodzi ndi malisiti.

Oyilo wakale amatsalanso m'manja mwanu, ndipo apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Ena amamupaka matabwa kuti chiswe chisadye, ena amamuthira m'chimbudzi chokumba kuti fungo lichepe, osaganiza kuti kuchokera m'dzenjemo amatsika ndi madzi a mvula kukafika ku chitsime cha oyandikana nawo. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, limaletsa kuipitsa nthaka ndi madzi. Muthireni m'chigubu chotsekeka bwino n'kukasiya ku galaja imene imasonkhanitsa oyilo wotere.

Zoopsa: Choopsa choposa zonse ndi kulowa pansi pa galimoto imene yakhala pa jeke yokha kapena pa njerwa zosanjikiza. Jeke imatha kuphonyoka ndipo njerwa zimasweka mosachenjeza, pamene pikiapu imalemera pafupifupi matani awiri. Kenako pali bawuti ya pa sampu, imene pa injini zambiri zoterezi imafuna mphamvu yomangira yapakati pa 30 ndi 40 Nm yokha, poyeza ndi sipanala yoyeza mphamvu. Woimanga ngati nati ya tayala amadya mazinga, ndipo sevisi yotchipa imasanduka kumasula sampu yonse. Kamphira ka fyuluta yakale nthawi zina kamatsalira pa injini, ndipo mukamangira fyuluta yatsopano pamwamba pake, timphira tiwirito sitigwira. Ine ndinaphunzira zimenezi oyilo watsopano atamwazika pabwalo injini itangolira masekondi ochepa, ndipo chimene chinandipulumutsa n'chakuti ndinali nditaima pambali ndikuyang'ana pansi m'malo mokhala pampando. Kuchokera tsiku limenelo sindimanga fyuluta yatsopano ndisanaone kamphira kakale kali pa fyuluta imene ndachotsa.

Ongoyamba kumene ena amamasula bawuti ya giyabokosi poganiza kuti ndi ya injini, n'kuthira malita 7 pamwamba pa oyilo wakale. Kudzazitsa n'koopsa pa dizilo kuposa pa petulo, chifukwa injini ya dizilo imatha kuyamba kuwotcha oyilo wake womwe ngati mafuta n'kumathamanga yokha ngakhale mutachotsa kiyi. Eni Ranger za 2.2 ndi 3.2 zimene zinayamba kupangidwa mu 2011 adziwenso ichi: pampu ya oyilo ya injini zimenezi imatha kulephera kuyamwanso ikakhala nthawi yaitali yopanda oyilo, moti amakaniko ozidziwa salola kuti padutse mphindi 10 kuchokera pomasula bawuti mpaka pothira watsopano. Chizolowezi chosiya galimoto ikudontha inu mukukadya nsima chingaphe injini imeneyi.

Njira yachiwiri: kuyamwa oyilo ndi pampu kuchokera pamwamba

M'malo molowa pansi, mumalowetsa kapaipi kopyapyala pa bowo la kachitsulo koyezera mpaka katagunda pansi pa sampu, pampu n'kukokera oyilo m'chigubu chake. Pali yopopa ndi manja, ndipo pali yamagetsi imene imalumikizidwa ku batire ya galimoto yomweyo.

Mtengo: Pampu ndi ndalama yowonjezera, koma imachotsa kufunika kwa zochirikizira, beseni ndi kawasha katsopano ulendo uliwonse. Onetsetsani kuti chigubu chake ndi chachikulu kuposa oyilo wa galimoto yanu, chifukwa cha malita 6 chimadzaza Hilux isanathe.

Kupezeka: Mapampu amenewa sapezeka m'sitolo iliyonse ya zipangizo za galimoto. Si injini iliyonse imene imalola. Zina paipi yake ndi yokhota moti kapaipi sikafika pansi, ndipo zina zatsopano za ku Ulaya zilibiretu kachitsulo koyezera. Njirayi imakoma pa injini za TDI za Volkswagen ndi madizilo ambiri a Mercedes-Benz, amene fyuluta yake ndi ya pepala ndipo ili pamwamba m'kachikho, moti ntchito yonse imatha munthu ataimirira. Ngati fyuluta ya galimoto yanu imamasulidwira pansi, mudzagonabe pansi, ndipo phindu la pampu lidzakhala litachepa kwambiri.

Chisamaliro: Oyilo amalowa m'chigubu chokhala ndi mizere, choncho mumadziwa malita amene atuluka, ndipo pabwalo sipadontha kanthu. Koma popeza simulowa pansi, simuona mphira wong'ambika wa pa shafti, madontho a pa giyabokosi kapena paipi imene yayamba kukhuzika. Ndi bwino kuti pa sevisi zingapo zilizonse imodzi ikhale yomasula bawuti.

Zoopsa: Kwa munthu, iyi ndi njira yotetezeka kuposa yoyamba, ndipo mazinga a sampu sakhudzidwa. Kwa injini, vuto ndi oyilo wotsalira. Kapaipi kakapindika m'kati, pampu imayamba kukoka mpweya inu n'kumaganiza kuti oyilo watha. Ulendo woyamba muyese motere: mukatha kupopa, masulani bawuti muone amene watsala, ndipo ngati watuluka wosakwana kapu, njirayi ikugwirizana ndi injini yanu. Kapaipi ka pulasitiki kamafewa mu oyilo wotentha kwambiri, ndipo kakadukira m'kati palibe kuchitira mwina koma kumasula sampu.

Njira yachitatu: makaniko wa m'dera, oyilo ndi fyuluta mutagula nokha

Umu ndi mmene galimoto zambiri zimasinthidwira oyilo, kaya ndi m'magalaja a ku Biwi ku Lilongwe, ku Ndirande ndi ku Limbe, kapena pansi pa mtengo wa mango pa boma. M'gulu lomweli muli malo ena omwetsera mafuta amene ali ndi dzenje lolowera pansi pa galimoto.

Mtengo: Ndalama ya ntchito imakhala yochepa poyerekeza ndi ya oyilo, ndipo imakambidwa. Kwa munthu wa galimoto imodzi amene alibe chipangizo chilichonse, njirayi ingakhale yotchipa kuposa kudzisinthira kwa chaka choyamba chonse. Mtengo umabisala pamene mwapereka ndalama kuti makaniko akagule yekha zonse, chifukwa kusiyana kwa fyuluta yabwino ndi yotchipa kumatha kutsalira m'thumba mwake inu osadziwa.

Kupezeka: Palibe njira ina imene ingapikisane nayo. Pafupifupi pa boma lililonse pali munthu wodziwa Hilux ndi Hiace, ndipo ambiri amabwera kunyumba mukawaimbira foni. Odziwa galimoto za DPF ndi ochepa, ndipo ochepa kwambiri ali ndi kompyuta yolumikizira ku galimoto. Pa CX-5 ya dizilo zimenezi n'zofunika, chifukwa oyilo akasinthidwa, kompyuta ya injini iyenera kuuzidwa kuti iyambirenso kuwerenga.

Chisamaliro: Makaniko wabwino amaona zimene mwini galimoto sangazione, monga lamba amene wayamba kung'aluka, madzi amene adzaza m'fyuluta ya dizilo, kapena buleki imene yatsala pang'ono kufika pachitsulo. Amene wakhala akugwira galimoto yanu kwa zaka amadziwanso kulira kwake. Chimene chimasowa ndi umboni wolembedwa, kupatula kapepala kopachika pa chiwongolero, choncho kabuku kaja kakufunikabe. Oyilo wakale amatsala kwa iye, ndipo si kulakwa kufunsa kumene amapita naye.

Zoopsa: Zambiri zimachokera pa katundu, osati pa manja. Oyilo wachinyengo alipo: zigubu zenizeni zotha ntchito zimagulidwa, n'kuthiridwa oyilo wosadziwika, n'kutsekedwanso. Gulani ku malo omwetsera mafuta kapena kwa ogulitsa ovomerezeka, yang'anani kuti chivundikiro sichinatsegulidwepo, ndipo chigubu chikatha chibooleni musanachitaye. Oyilo woyezedwa m'mabotolo a madzi m'mphepete mwa msewu alibe gulu lililonse lodziwika. Fyuluta yachinyengo imafanana ndi yeniyeni pa utoto ndi pa bokosi, koma m'kati muli pepala lochepa ndipo kavalavu koletsa oyilo kubwerera pansi injini ikazima kamakhala kosagwira, moti m'mawa uliwonse injini imalira masekondi angapo isanalandire oyilo, ndipo turbo ndi imene imayamba kuvutika.

Za manja ndi izi. Ntchito ya oyilo kawirikawiri imapatsidwa kwa mnyamata wophunzira, amene amaopa kuti bawuti ingamasuke pamsewu kuposa mmene amaopera kudya mazinga, ndiye amawonjezera paipi pa sipanala. Palinso chikhulupiriro chakuti 15W-40 kapena 20W-50 amakwana galimoto iliyonse ya dizilo, ndi china choti injini itsukidwe ndi dizilo kapena palafini isanathiridwe oyilo watsopano, chimene chimasiya mabering'i akuzungulira popanda chitetezo. Zonsezi zimapeweka ndi chinthu chimodzi: kukhalapo. Mphindi 40 zoima pambali, mutanyamula zigubu zanu, n'kupempha mwaulemu kuti akuonetseni fyuluta yakale, ndi zimene zimasiyanitsa njira yabwino ndi yoika moyo wa injini pachiswe. Makaniko woona mtima sakhumudwa nazo.

Njira yachinayi: galaja ya kampani yogulitsa mtundu wa galimotoyo

Mtengo: Iyi ndiyo yodula kuposa zonse, chifukwa mumalipira ntchito yowerengedwa pa ola, zipangizo za mtengo wa kampani ndi msonkho wa VAT. Kawirikawiri sevisi yawo imaphatikiza zinthu zina zimene ndondomeko ya makilomita amenewo yanena, choncho pemphani kuti akulembereni mtengo wonse asanayambe, ndipo muwauze kuti akuimbireni asanasinthe china chilichonse chimene sichili papepalapo.

Kupezeka: Magalaja oterewa ali makamaka ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo pamafunika kulembetsa tsiku. Galimoto imatha kukhala kumeneko tsiku lonse. Galimoto zogulidwa ku Japan, za mitundu imene kampaniyo siigulitsa kuno, nthawi zina zimadikira kuti fyuluta yake iitanitsidwe.

Chisamaliro: Pano ndi pamene ndalama zanu zimagwira ntchito. Galimoto imakwezedwa yonse n'kuyang'aniridwa motsata mndandanda, kompyuta imawerenga zolakwika zimene injini yasunga, ndipo buku la sevisi limadindidwa. Chidindocho chimasunga chitsimikizo (waranti) cha galimoto yatsopano, chimene chingathe ngati mwasinthira oyilo kwina, ndipo chimakweza mtengo tsiku logulitsa.

Zoopsa: Oyilo wolakwika kapena fyuluta yachinyengo n'zokayikitsa kupezeka kuno, ndipo chikalakwika china pali pokadandaula ndi lisiti m'manja. Koma iyi ndi njira imene mwini galimoto saona chilichonse, popeza amakhala m'chipinda chodikirira. Musanachoke, sololani kachitsulo koyezera ndipo musuzumire pansi. Choopsa china chimabwera ndi mtengo womwewo: munthu akaona kuti sangakwanitse mwezi uno amazengereza, makilomita 5,000 n'kufika 12,000, pamene oyilo wabwino wothiridwa pansi pa mtengo pa nthawi yake akanateteza injini kuposa wa ku galaja yaikulu wothiridwa mochedwa.

Njira iti kwa yani

Galimoto yatsopano imene ikadali pa chitsimikizo, kapena ya bungwe limene limafuna malisiti a ntchito iliyonse, ipite ku galaja ya kampani mpaka chitsimikizocho chitatha, ndipo pamenepa palibe zoyerekeza zambiri.

Mwini Hilux ya KD, Hiace kapena pikiapu ina yakale amene ali ndi bwalo lakelake ndi masipanala, makamaka ngati akukhala kutali ndi mizinda kapena ali ndi galimoto zoposa imodzi, adzapindula ndi njira yoyamba, ndi ndowa ya malita 20 ndi mafyuluta awiri kapena atatu ogula nthawi imodzi kwa ogulitsa odalirika. Ine ndingawonjezere kuti kamodzi pa chaka galimotoyo ionedwebe ndi makaniko wodziwa, chifukwa mwini wake amazolowera phokoso limene mlendo angalimve msanga. Amene alibe malo, nthawi kapena thupi logona pansi pa galimoto asankhe njira yachitatu, koma oyilo ndi fyuluta agule yekha ndipo akhalepo mpaka injini italira.

Pampu ndi ya munthu wa Volkswagen kapena Mercedes-Benz ya fyuluta ya pamwamba, ya wokhala pa lendi amene sangadonthetse oyilo pabwalo, ndiponso ya galimoto imene mazinga a sampu yake anayamba kale kutha. Mwini Ranger ya 2.2 kapena 3.2 angasankhe njira yoyamba kapena yachitatu, malinga oyilo watsopano akhale wotsegula kale ndi fanulo ili pamalo bawuti isanamasulidwe.

Wa CX-5 kapena galimoto ina ya DPF ayambe wapeza oyilo wa gulu loyenera, kenako afunefune munthu wokhala ndi kompyuta, kaya ndi ku galaja yaikulu kapena yaing'ono. Aziyezanso oyilo pafupipafupi, chifukwa pa galimoto zimenezi dizilo amatsikira mu sampu pamene sefa ikudziwotcha, makamaka ngati maulendo ndi aafupi, ndipo oyilo amakwera m'malo motsika. Pa kachitsulo koyezera ka CX-5 pali chizindikiro cha X pamwamba pa mzere wodzaza, ndipo oyilo akayandikira pamenepo ayenera kusinthidwa ngakhale makilomita asanakwane.

Amene wangolandira kumene galimoto yakale, kaya yatsika pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam kapena yagulidwa kwa munthu amene alibe buku la sevisi, asakhulupirire kapepala ka pa chiwongolero. Sevisi yoyamba ikhale yomasula bawuti ya pansi, iye ali pomwepo ndi tochi, kuti aone mtundu ndi fungo la oyilo amene akutuluka, ayeze malita ake, ndipo alembe makilomita a tsikulo patsamba loyamba la kabuku katsopano. Ngati oyiloyo watuluka wokhuthala ngati phala kapena wa zibuma, sevisi yachiwiri isadikire makilomita 5,000, ndipo pa 1KD apemphe kuti timawasha ta mainjekita tionedwe sabata yomweyo.